Ng'ombe Zokoka Makina Okuza Mau

Nkhani iyi iri ya anyamata a ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo, ndi a midzi ina ya m'malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique, amene amadzipangira okha makina okuza mau, ochedwa ampulifaya. Mnyamata akagulitsa mtedza kapena soya wace amakwera galimoto kunka ku Chipata, nagula kathabwa kobiriwira kokhala ndi tizitsulo tace tonse, kocepa ngati cikhatho ca dzanja. Pofika kwao akhoma bokosi la matabwa, naikamo masipika awiri, ndipo Sabata lotsatira makinawo ayamba kulankhula m'chalichi, pa ukwati, pa maliro kapena pa bwalo la mfumu. Koma kawiri-kawiri cinthu cimodzi cimamcititsa manyazi. Mlaliki ali pakati pa mau ace, kapena oyimba afika pamene ng'oma ilowa, makina angoti zii. Apuma kamphindi, nayambanso, nazimanso. Anthu onse atembenuka kuyang'ana mwini makina, ndipo iye awerama nayamba kugwira-gwira mawaya. Pobwerera kunyumba aneneza kathabwa kaja, kapena sipika, kapena wa sitolo amene anamgulitsa. Nthawi zambiri zonsezi ziribe mlandu. Mlandu uli ndi cimene cidyetsa makinawo magetsi.

Coyamba kucidziwa ndi ici: ampulifaya siipanga mphamvu. Mphamvu yonse yokankha sipika icokera ku batire kapena ku mawaya a magetsi, ndipo nchito ya ampulifaya ndiyo kutsegula ndi kutseka njira ya mphamvuyo motsata mau a wolankhula. Iyo iri ngati mnyamata woyendetsa ngolo, wogwira zingwe ndi cikwapu. Koma zokoka ngolo ndi ng'ombe. Woyendetsa angakhale waluso cotani, ng'ombe zikakhala zoonda ngolo ya cimanga siikwera citunda. Pa mabokosi a makina ena amalembapo ma watt 1,000 kapena 2,000, ndi malemba akuti P.M.P.O. pambali pace. Ciwerengero cimeneco ndi ca ogulitsa, si ca amisiri ai. Munthu ayang'ane pa codyetsa makinawo: ngati palembedwa ma watt 60, masipika sangadye oposa 60 kwa nthawi, ngakhale bokosi lilonjeze zotani.

Bvuto la kudyetsa makina si la lero. M'caka ca 1949 inafika m'dziko lino, limene pa nthawiyo linali Northern Rhodesia, wailesi yochuka ya Saucepan Special. Bwana Harry Franklin, mkulu wa za nkhani m'Boma la ku Lusaka, ndiye anakopa kampani ya Ever Ready ya ku England kuti ipange wailesi yoti munthu wa kumudzi nkuigula. Anaiika m'citsulo cozungulira conga sefuliya. Mtengo wace unali £5, ndipo batire lace linali £1 5s, lotha patapita maola ngati 300. Ndiko kunena kuti mabatire anai anali mtengo wa wailesi inanso yatsopano. Batirelo linali lalikulu ndi lolemera, pakuti ma valve a m'kati mwa wailesi ankafuna magetsi a mitundu iwiri, volt imodzi ndi theka yowatenthetsa, ndi ma volt 90 ogwirira nchito. Batire likatha, nyimbo za Alick Nkhata zinkangopita m'mwamba, wailesi yosaonongeka konse iri cete, kufikira mwini wace atapeza ndalama.

Lero njira zodyetsera makina zaculuka. Kumene mawaya a ZESCO afika, magetsi alowa m'nyumba ali ma volt 230, ndipo sayenda njira imodzi monga madzi a mumtsinje: apita nabwerera ka 50 pa sekondi imodzi. Ampulifaya ifuna ocepa, ma volt 12, 19 kapena 24, oyenda njira imodzi mosagwedezeka monga a batire. Njira yakale yowatsitsira ndiyo thiransifoma, imene maziko ace anawapeza Michael Faraday ku London m'caka ca 1831. Mawaya awiri a mkuwa akulungidwa pa citsulo cimodzi, osakhudzana. Magetsi oyenda-yenda m'waya woyamba adzutsa ena m'waya waciwiri, ndipo waciwiriyo akakhala ndi mikulungo yocepa, ma volt ace akhalanso ocepa. Pambuyo pace aikapo ma diode oongola magetsiwo, ndi kapasita, imene iri ngati mbiya yosungiramo. Thiransifoma ndi kapolo wofatsa. Ikalemedwa ingotentha nipirira, ndipo ikapsa mmisiri angathe kuikulunganso. Koma mkuwa ndi wodula, citsulo ncolemera, ndipo magetsi a m'mawaya akafooka madzulo, iyonso ifooka nao pamodzi.

Njira yatsopano ndiyo imene pa Cingelezi amati switching power supply. Anthu ambiri ali nayo m'nyumba osadziwa dzina lace: chaja ya foni, chaja ya laputopu, kabokosi kodyetsa wailesi ya kanema, ndi bokosi la citsulo la m'kati mwa kompyuta, zonsezi ndi mtundu umodzi. M'nkhani ino idzangochedwa chaja, monga anthu aichulira.

Chaja iyamba ndi kuongola ma volt 230 aja monga ali, niwasunga m'kapasita, momwe akwera kufika ngati 325. Kenaka transistor imodzi iwadula niwalumikiza, niwadulanso, mwaliwiro loti munthu sangaliganize. M'machaja ambiri a laputopu icita cotero ngati ka 65,000 pa sekondi imodzi. Magetsi odukizawo ndiwo alowa m'thiransifoma. Tsono cinsinsi ciri apa. Thiransifoma iri ngati cotungira madzi, ndipo pa ulendo uli wonse inyamula muyeso wace. Wopita ku citsime ka 50 afunika mtsuko waukulu kuti adzaze mbiya. Wopita ka 65,000 m'nthawi yomweyo, maulendo 1,300 pa ulendo umodzi wa mnzace, kacikho kamkwanira. Ndico cifukwa cace thiransifoma yakale ya ma watt 100 ilemera koposa kilogalamu imodzi, pamene chaja yonse ya ma watt 90 siifika ndi theka lomwe la kilogalamu.

M'kati mwace mulinso mlonda, kacipangizo koyesa magetsi oturuka nthawi zonse. Akatsika, iko kauza transistor kuti italikitse nthawi yolumikiza. Akakwera, kuti ifupikitse. Motero pa chaja ya laputopu pamalembedwa kuti ilandira ma volt kuyambira 100 kufika 240, ndipo ipatsa 19 osasintha. Kwa munthu wokhala kumapeto kwa mawaya atali, kumene nyali zimafiira madzulo, ici ndi cinthu ca mtengo wapatali. Ndiponso chaja siitaya mphamvu yambiri. Mwa magawo 10 olowa, 8 kapena 9 aturuka kukagwira nchito.

Nzeru imeneyi iri ndi makolo ace. Wailesi za m'galimoto za zaka za m'ma 1930 kufikira m'ma 1950 zinali ndi kacitini kochedwa vibrator, momwe kacitsulo konjenjemera kankadula magetsi a batire koposa ka 100 pa sekondi, kuti thiransifoma iwakweze kufika pa muyeso wa ma valve. Kankang'ung'udza ngati njuci, ndipo milomo yace inkapsa msanga. Transistor, imene anaipeza ku Bell Laboratories ku America m'caka ca 1947, inadzagwira nchito yomweyo popanda kanthu koyenda. Pamene kompyuta ya Apple II inaturuka m'caka ca 1977 ndi magetsi a mtundu umenewu, opangidwa ndi Rod Holt, ambiri anali asanawazolowere; lero thiransifoma yolemera ija ndiyo yasanduka mlendo.

Kodi chaja iyenera kudyetsa ampulifaya? Inde iyenera, ndipo makina ambiri okuza mau opangidwa m'mafakitale masiku ano adya motero. Koma wosankha ayenera kuwerenga malemba ang'ono a kumbuyo kwace asanaturutse ndalama.

Ayambe ndi ma volt. Kathabwa kali konse kali ndi malire ace. Kamene kali ndi cipangizo cochedwa TPA3116, ca kampani ya Texas Instruments, kalandira kufika ma volt 26, kotero chaja ya 19 kapena ya 24 ikayenera bwino. Koma TDA7297 ndi TDA7377, zimene zinapangidwira magetsi a ma volt ngati 12, malire ao ndi 18, ndipo chaja ya laputopu yawapyola kale. Pali mtundu winanso, monga TDA7294, umene kawiri-kawiri umamangidwa wofuna magetsi a mbali ziwiri, a pamwamba ndi a pansi, ndi waya wacitatu pakati. Chaja imodzi siingaupatse zimenezo. Ena amayesa kumanga machaja awiri motsatana. Koma machaja ambiri a mapulagi a mano atatu ali ndi waya wao wa minus wolumikizidwa ku earth, ndipo powamanga cotero imodzi ya iwo itsekedwa pakamwa. Woyamba kumene nchitoyi asankhe kathabwa ka magetsi a mbali imodzi, nadzipulumutse ku mabvuto amenewa.

Ma volt ndiwonso anena kukula kwa mau. Pa timatabwa ta masiku ano tokankha sipika mbali zonse ziwiri, kawerengedwe kace nkapafupi: aculukitse ma volt ndi ma volt omwewo, nagawe ndi ma ohm a sipika owirikizidwa kawiri. Ma volt 12 pa sipika ya ma ohm 4 apatsa 144 kugawa ndi 8, ndiwo ma watt 18. Ma volt 19 apatsa 361 kugawa ndi 8, ndiwo 45. Zoona zace zicepako pang'ono, koma siziposa.

Tsono ma amp, ndipo apa ndipo pagona manyazi a mnyamata uja. Pa chaja wamba ya laputopu palembedwa 19 V ndi 3.42 A, ndiwo ma watt 65. Pa yaikulupo 4.74 A, ndiwo 90. Mau a munthu wolalika adya pang'ono, ndipo nyimbo zomwe, pozitenga zonse pamodzi, zidya kagawo kocepa ka mphamvu ya makina. Koma ng'oma ikagunda, sipika imodzi ya ma ohm 4 ingathe kumeza pafupi ma amp 5 pa kamphindi kameneko, ndipo masipika awiri apyola 9. Thiransifoma yakale ikanangowerama nipirira, mau nkusasa pang'ono. Chaja siitero. Mlonda wace akaona katundu wopyola muyeso ayesa kuti mawaya agundana, natseka khomo kuti nyumba ingapse. Adikira kamphindi, natsegula, napeza ng'oma ikali kugunda, natsekanso. Chajayo siinaonongeke. Ikucita cimene anaipangira.

Mankhwala ace alipo. Oposa onse ndiwo kugula chaja yaikulupo kuposa cimene munthu ayesa kuti afuna. Masipika a ma ohm 8 adya theka la ma amp a masipika a ma ohm 4, ndipo m'chalichi ca kumudzi khutu silimva kusiyana kwakukulu. Kapasita ya ma microfarad 4,700, yolembedwa ma volt 35, ikaikidwa pafupi ndi kathabwa, ikhala nkhokwe yotapamo pamene ng'oma igunda. Koma aiike moyang'ana bwino mbali ya plus ndi ya minus, pakuti yoikidwa cozondoka iphulika. Ndipo asaunjike zambiri poganiza kuti kuculuka ndiko ubwino, cifukwa nkhokwe yaikulu yopanda kanthu imeza magetsi onse poyatsa, mlonda uja nkukana kutsegula konse. Bokosi la magetsi la kompyuta yakufa lipatsa ma amp ambiri pa mawaya ace acikasu, amene ali a ma volt 12; akuda ndiwo minus, ndipo liyaka waya wobiriwira akalumikizidwa ndi wakuda. Nlabwino kwa makina a ma volt 12, ngakhale kamphepo kace kamveka m'nyumba ya cete.

Cinanso ndi phokoso. Khutu la munthu limva kufika ngati ka 20,000 pa sekondi, kotero kudula-dula kwa chaja kuyenera kukhala kosamveka. Koma chaja zambiri zikakhala zopanda katundu zimadula modumphitsa kuti zisunge mphamvu, ndipo pamenepo kamluzu konga ka udzudzu katuruka m'sipika. Zochipa kwambiri ziribe tizitsulo tosefa phokoso, pakuti opanga anaticotsa kuti apindule. Njira yoziyesera njosabvuta: munthu atenge wailesi yaing'ono, aiike pa medium wave kapena short wave pamene palibe siteshoni, naiyandikize ku chaja yoyaka. Zonse zimveka pang'ono zikayandikana kwambiri, koma imene ifwanthula wailesi iri kutsidya kwa cipinda ndiyo yoipa, ndipo idzasautsa ndi anansi omwe. Pa FM, pamene anthu amvera Breeze FM kapena Radio Maria za ku Chipata, phokosolo silimveka msanga, motero FM si mboni yokhulupirika pa mlandu umenewu. Cotupa cija cokhala pa cingwe ca chaja si cokometsera. Ndi sefa, ndipo wodula cingwe acisiye. Mawaya awiri a magetsi akhale afupi, opotedwa pamodzi, kutali ndi waya wa maikolofoni. Ndipo foni yoyimba nyimbo isachajidwe pa magetsi omwewo odyetsa ampulifaya, pakuti mluzu wambiri ulowera pamenepo.

Zonsezi ndi za kumene mawaya afika. Koma midzi yambiri ya ku Vubwi, Sinda ndi Katete idalira dzuwa ndi batire. Ndipo m'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi nazima maola oposa 17 pa tsiku, a m'matauni omwe anaphunzira nzeru za kumudzi. Colakwa cofala ndi ici: munthu atenga ma volt 12 a batire, awakweza ndi inveta kufika 230, nalumikiza chaja kuti iwatsitsenso kufika 19. Uku ndiko kupita ku Chadiza kudzera ku Lundazi. Pa msonkho wa inveta ndi wa chaja, pafupi gawo limodzi mwa magawo anai a mphamvu ya batire lithera pa njira, ndipo inveta zochipa ziwonjezera kulira kwao m'masipika. Batire ndilo codyetsa ca cete koposa zonse. Kathabwa ka TPA3116 kagwira nchito pa ma volt 12 mwacindunji. Wofuna mau oposa pamenepo agule kacipangizo kochedwa boost converter, kamene kalinso ka mtundu wa chaja, kokweza 12 kufika 19 kapena 24 pa ulendo umodzi.

Akumbuke kuti kukweza ma volt si kupanga mphamvu. Ma amp 4 pa ma volt 24 afuna ma amp ngati 9 ku batire, kotero waya wocokera ku batire ukhale wonenepa, osati kaulusi ka nyali. Pafupi peni-peni ndi mutu wa plus aikepo fyuzi. Batire la galimoto liribe mlonda monga chaja, ndipo mawaya ace akagundana afiira nayatsa denga la udzu. Batire la mtobvu la ma amp-hour 100 lisamwedwe kupyola theka ngati mwini wace afuna kuti likhalitse. Theka limenelo, pa makina odya ma watt 30, likwana usiku wonse wa maliro ndi m'mawa mwace. Ampulifaya isalumikizidwe ku sola yeni-yeni ya pa denga, pakuti sola yochedwa ya ma volt 12 ikwera kupyola 20 dzuwa likawala, nigwa mtambo ukadutsa. Ndipo mabatire awiri omangidwa motsatana, amene anthu amati ndi 24, afika pafupi 29 pochajidwa. TPA3116 siipirira zimenezo.

Catsala ndi ca moyo wa munthu. Mmisiri wozolowera wailesi za mabatire amagwira m'kati ndi zala osaopa kanthu, ndipo cizolowezi cimeneco cingamuphe pa chaja. Ma volt 325 aja akhala m'kapasita ngakhale pulagi itazulidwa, nthawi zina kwa mphindi zingapo. Chaja yomatidwa isatsegulidwe; ikafa, yafa. Pali zina za bokosi la citsulo la maenje-maenje, zogulitsidwira nyali ndi makamera, zimene ziri zamphamvu ndi zabwino pa nchitoyi, koma zomangira mawaya ace a 230 ziri poyera. Zimenezi zitsekeredwe m'bokosi momwe cala ca mwana sicingafike, citsulo cace cilumikizidwe ku earth, ndipo ngati pambali pali kosinthira kolembedwa 110 ndi 220, kakhale pa 220 pulagi isanalowe.

Woyimba akamva maikolofoni ikumluma pa mlomo, asaseke. M'chaja muli kapasita yaing'ono yolumikiza mbali ya magetsi akulu ndi ya ang'ono, ndipo timagetsi tocepa tidutsamo. Pa chaja yabwino sitibvulaza, ndipo pulagi ya mano atatu yokhala ndi earth yeni-yeni itimeza. Koma pa chaja yacinyengo, yopepuka ngati bokosi la macesi, mpata wa pakati pa mbali ziwirizo ndi wocepa kwambiri, ndipo cinyezi ca dzinja kapena nyerere imodzi yakufa ingathe kuulumikiza. Pamenepo magetsi onse a m'mawaya afika m'dzanja la mai woyimba, wopanda nsapato, woimirira pa dothi lonyowa. Msonkhano wa pabwalo, makamaka m'miyezi ya mvula, uyenera batire. Ndipo mphezi zikayamba, mapulagi onse azulidwe.

Pomanga bokosi, chaja isagone pa nsanza kapena m'kona yopanda mpweya, pakuti kutentha ndiko kufupikitsa moyo wa makapasita. Abooleko maenje pansi ndi pamwamba kuti mpweya wotentha uzikwera nuturuka. Opanga Saucepan Special anaphimba maenje a wailesi yao ndi kasefa ka waya, poopa tizirombo ta kuno, ndipo mphemvu za lero zikonda malo ofunda monga zinzace za 1949. Cidutswa ca sefa yakale ya ufa, cokhomedwa m'kati mwa bokosi ndi timisomali, cikwanira pa nchito imeneyo.